Wokhoma Mazenera

"Musandiuze za ulusi ine! Ulusi ndi mwana wanu?"

Keziah anaponya kansalu kopukutira kumaso patebulo, pafupi penipeni ndi mbale ya nyemba imene mwamuna wake ankadya. Kansaluko kanali koyera, kosokedwa timaluwa m'mphepete, koma pakati pake panali madontho atatu a magazi, lina litayamba kale kuda.

Enos Crowell anaika supuni pansi. Linali Lasabata masana, ndipo anali asanavule n'komwe jekete lakutchalitchi.

"Mwakapeza kuti?"

"Pansi pa pilo wa Almira. N'kachiwiri aka. Koyamba ndinangokachapa mwakachetechete, ndimati mwina ndi chiseyeye. Chiseyeye chanji chotsokomola ngati nkhosa yokalamba?"

"Tsitsani mawu, mayi. Khoma ili ndi thabwa limodzi lokha. A Dunphy akumva."

"Amve! Bridie wawo amapuma mpweya wina? Tandiuzani, bambo a Almira, mazenera a m'chipinda chowombera nsalu anakhoma ndani?"

"Mukudziwa kale."

"Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

"Ndinakhoma ine," anatero Enos, maso ali pa nyembazo. "Ndine kalipentala wa kampani. Akati khoma, ndimakhoma. Akati zula, ndimazula. Mpweya wouma ukalowa, ulusi umaduka, nsalu n'kutuluka yazipsera. Si ine ndinalenga thonje."

"Ndipo mabokosi amaliro amakhoma ndani?"

Enos anakankhira mbale ija pambali.

"Atatu chilimwe chino chokha. Onse atsikana a m'chipinda chomwecho. Mumakhoma mazenera m'mawa, masana n'kumakhoma mabokosi, ndiye mukufuna ndikhale chete ngati mphaka wa pachitofu? Mawa Almira sapita kuntchito. Ndatero ine amene ndinamubala."

"Nyumba ino ndi ya kampani, Keziah. Pangano mukulidziwa: anthu awiri a pakhomo pano azigwira ntchito m'fakitale. Almira akasiya, kapitawo wake, a Pettengill, afika pano kudzatenga Lovina."

"Lovina ali ndi zaka khumi ndi ziwiri!"

"Alipo ang'onoang'ono kuposa iye, akunyamula ulusi m'chipinda chapansi."

Chitseko chakuseri chinatseguka, ana awiriwo n'kulowa ndi dengu la zitheba. Almira anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali ngati bambo ake, ndipo masaya ake anali ofiira mwakuti munthu wachilendo akanati ndi mtsikana wathanzi kwambiri mu Tarbell Falls monse. Ataona kansalu patebulo, anakatola msangamsanga n'kukabisa m'thumba la diresi.

"Amayi, mwayamba liti kufufuza m'mapilo mwa anthu? Ndinadziluma lilime."

"Lilime lako lili m'chifuwa?"

"Ndamva zonse ndili panja, ngakhale nkhuku za a Dunphy zamva. Sindisiya ntchito. Ndikachoka chaka chisanathe sandipatsa kalata yondimasula mwaulemu, ndipo popanda kalatayo palibe fakitale ingandilembe, kuyambira kumathithi kuno mpaka kunyanja. Komanso mukufuna m'malo mwanga mulowe uyu?" Anamukoka khutu mng'ono wake. "Wogwetsa mbale uyu? Asiya zala m'malamba tsiku loyamba lomwelo."

"Sindigwetsa mbale ine!" anatero Lovina.

Almira anaseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Anagwira mpando, msana ukugwedezeka, mpaka misozi inatuluka. Keziah sankayang'ana mwanayo. Ankayang'ana mwamuna wake.

"Ndikalankhula nawo a Pettengill mawa," anatero Enos.

Belu loyamba la fakitale linalira kusanache bwino. Enos anatsika ndi bokosi lake la zida m'njira ya m'mbali mwa ngalande, pakati pa atsikana oyenda mothamanga, ena akumanga tsitsi panjira. Iye anafika pamalo pano zaka makumi awiri zapitazo, pamene pamathithi panali chigayo cha tirigu ndi kanyumba kochekera matabwa basi. Anthu a ndalama atagula mathithiwo, anali iyeyo amene anasema mitanda ya gudumu lalikulu lamadzi limene linkayendetsa makina onse m'fakitale ya njerwa yosanjika kanayi. Tsiku limene gudumulo linazungulira koyamba anaponya chipewa chake m'mwamba, chinagwera mumtsinje. Mpaka lero akamva kugunda kwake pansi pa mapazi, mtima wake unkanyada pang'ono, ngakhale m'mawa umenewu.

Sanafunikire kukawafunafuna a Pettengill. Kapitawo wa chipinda chowombera nsalu uja ndiye anamuitanitsa dzuwa litakwera. Anakumana pamasitepe, poti m'chipindamo munthu sakanamva mnzake.

"Mwabwera bwino, a Crowell. Zenera lachisanu ndi chimodzi lakumtsinje lakanganulidwa. Wina wachita ndi chogwirira cha supuni. Mukhomemo misomali yaitali, ya mainchi anayi."

"Ndimafuna ndikupempheni kanthu, a Pettengill. Bwanji titatsegulako awiri okha, akumwamba, mpata wa zala zitatu? Kutentha kwa mwezi uno n'kwina. Mwana wanga akutsokomola magazi."

"Pepani nazo. Koma ndikatsegulira wanu, mawa abwera bambo a wina. Mukudziwa kuti Loweruka ulusi unaduka kangati pafupi ndi zenera limenelo? Bwana Thaxter akaona nsalu yoipa saitana atsikana, amaitana ine. Nanenso ndili ndi ana, a Crowell. Tiyeni."

Atatsegula chitseko, mpweya unamumenya Enos kumaso ngati nsanza yotentha yonyowa. Makina zana ankagunda nthawi imodzi, malamba akuthamanga kudenga, mapaipi a m'mbali mwa khoma akufuka nthunzi. Fumbi la thonje linali mbuu, likuyandama, likutera m'tsitsi ndi m'nsidze mwa atsikana mpaka onse ankaoneka ngati a imvi. Anaona Almira atanyamula kamtengo konga bwato kamene kamayendetsa ulusi, akukaika pakamwa n'kuyamwa nsonga ya ulusi kuti itulukire pakabowo, monga ankachitira onse kambirimbiri pa tsiku.

Pafupi ndi zenera lachisanu ndi chimodzi panali makina a Bridie Dunphy, mtsikana wa a Dunphy oyandikana nawo nyumba, wamfupi, wa tsitsi lofiira ndi pakamwa posatopa. Zeneralo linali litatseguka mpata wolowa dzanja, ndipo kamphepo ka kumtsinje kankagwedeza tsitsi lake. Enos analikankha, n'kuika msomali woyamba.

Bridie anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu lake n'kukuwa kuti, "Khomani bwino, a Crowell! Tingathawe ife akufa!"

Msomali wachiwiri.

"Langa mudzaliike kazenera, mwamva? Bokosi langalo. Kakang'ono chabe, ka kumutu!"

Mtsikanayo anaseka yekha, kenako n'kulavulira m'nsanza. Enos anakhoma wachitatu ndi wachinayi osatembenuka. Potuluka anadutsa pa makina a Almira. Mwanayo anali ataona zonse. Anangomumwetulira pang'ono, kumwetulira komuchotsa manyazi bambo ake, ndipo kumeneko kunamupweteka Enos kuposa mawu onse a Keziah.

Panapita masiku anayi asanalimbe mtima kukagogoda ku ofesi ya bwana Thaxter, mkulu wa fakitale yonse. Ofesiyo inali m'kanyumba kapadera pafupi ndi geti. Mazenera ake onse anali otsegula, makatani oyera akuvina.

"A Crowell! Munthu wathu wakalekale. Lowani. Ayi, chipewa musachifinye choncho, khalani pansi."

Enos anakhala pansonga pa mpando n'kufotokoza. Bwanayo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu.

"Zimenezi ndinafunsa kale adokotala athu," anatero pomaliza. "Iwo akuti mpweya wa m'chipindamo ulibe vuto. Vuto ndi atsikanawo. Amavala nsapato zopyapyala, amadya maswiti m'malo mwa chakudya, akaweruka amatuluka ali thukuta osafunda shawelo. Ambiri amachita kubwera nacho chifuwacho kuchokera kwawo."

"Almira anabadwira kuno, bwana. Analowa ali wonenepa, chaka sichinathe n'komwe."

"Ndiye mwina n'cha kumtundu." A Thaxter anaimirira n'kuloza panja. "Taonani, a Crowell. Inu munalipo, ine kunalibe. Pamene pali tchalitchi paja panali chiyani? Dambo la achule. Mlatho uja, sukulu ija, masitolo khumi ndi awiri mumsewu waukulu, njanji imene ikubwera chaka chamawa, zonsezi zatuluka mu ulusi. Ulusi ukamaduka, mafakitale a kumunsi atilanda msika, ndipo tauni ino ibwerera kwa achule. Mukufuna zimenezo?"

"Ndikungopempha mazenera awiri."

"Ndakumvani. Ndipo chifukwa ndinu munthu wathu, ndiiwala kuti munabwera. Kuli anthu ena masiku ano oyenda ndi mapepala, osokoneza antchito mitu. Sindingakonde kuti dzina lanu limveke pamodzi ndi awo. Moni kwa mayi kunyumba."

Kunyumba Keziah anangomuyang'ana nkhope n'kudziwa.

"Akupatsani mpando?"

"Andipatsa."

"Basi, mwakhuta mpandowo."

Pa 20 Seputembala anayamba kuyatsa nyale m'fakitale kuti ntchito izipitirira dzuwa litalowa. Utsi wa mafuta unawonjezera pa nthunzi ndi fumbi lija. Bridie anasiya kupita kuntchito sabata lomwelo. Kudzera pakhoma la thabwa limodzi lija, a Crowell ankamva chifuwa chake chikuyankhana ndi cha Almira.

Lachitatu lotsatira, nthawi ya m'mawa, Enos akupala thabwa m'shedi mwake, mayi wina wosesa anafika akuthamanga.

"A Crowell, mwana wanu wagwa!"

Anamupeza atamugoneka pamasitepe, kutsogolo kwa diresi kuli magazi okhaokha. Makina m'chipindamo sanaime. Anamunyamula yekha m'manja, n'kudabwa kupepuka kwake, ngati mtolo wa zipalapala za matabwa. Mumsewu waukulu eni masitolo anatuluka pamakomo kudzaonerera. Almira anatsegula maso.

"Ababa, nditsitseni, anthu akuona."

"Aone."

"Nsalu yanga ndaisiya pakati. A Pettengill akalipa."

"Khala chete, mwanawe."

Keziah sanalire, sanakalipe. Anamuchotsa diresi, anamupukuta, anamugoneka pabedi lawo lapansi pafupi ndi zenera, n'kulitsegula mpaka kumapeto. Kwa masiku atatu sanamulankhule mwamuna wake mawu ena kupatula akuti chakudya chapsa.

A Pettengill anafika Lasabata masana, atavala bwino, atanyamula botolo la uchi.

"Ndabwera kudzazonda wodwala. Ali bwanji?"

"Ali monga munamusiyira," anatero Keziah ataima pakhomo, osawapatsa njira.

"Tonse tikumupempherera, mayi. Ndi mtsikana wa manja abwino. Komano makina ake angokhala, ndipo mukudziwa pangano la nyumba. Bwana Thaxter akuti si Lolemba la mawa lino ayi, akupatsani sabata lathunthu. Wamng'onoyu angathe kuyamba ndi kunyamula ulusi, ntchito yopepuka. Akazolowera ndidzamukweza ndekha kuchipinda changa."

"Mudzamukweza."

"Ndi mwayi umenewo, mayi. Ena amachita kupempha."

"Mwatafuna mmodzi, mwalavula, ndiye mwabwera ndi uchi kudzatenga wina? Bambo a Almira, mukumva zimene akunena mlendo wanuyu?"

Enos anali ataima kumbuyo kwake. Anaganiza za chisanu chimene chinali pafupi, za wodwala wopanda denga, za zaka zake makumi asanu.

"Tiganizira, a Pettengill," anatero.

Keziah anatembenuka pang'onopang'ono. Analanda botolo la uchi lija m'manja mwa kapitawo, n'kuliika m'manja mwa mwamuna wake.

"Idyani ndinu. Mwaugwirira ntchito."

Lovina, amene ankamvetsera ali pamasitepe, ananena ndi mawu aang'ono kuti, "Ndipita, amayi. Sindigwetsa kanthu, ndikulonjeza."

"Iwe, ukadzaponda pageti lija ine ndili moyo, udzadziwa kuti ndine ndani. Kwera m'mwamba!"

Bridie anamwalira Lachinayi m'mawa, belu lachiwiri likulira. Chifuwa cha kuseri kwa khoma chinangoleka, kenako kunamveka mawu a mayi ake. Pasanathe ola, uthenga unafika kushedi kuchokera ku ofesi: kampani, mwa chifundo chake, ipereka bokosi. A Crowell akayeze.

Anapita ndi chingwe chake choyezera. Mayi Dunphy anali atakhala pafupi ndi bedi, korona ili m'manja. Mtsikanayo anali atafupika kuposa kale, tsitsi lofiira lija litapesedwa bwino. Pamene Enos ankatambasula chingwe, anaona kuti m'tsitsimo munali mudakali timafumbi ta thonje timene chipeso chinalephera kuchotsa.

"Ankakukondani, a Crowell," anatero mayiwo. "Ankati ndinu munthu yekhayo amene akamunyoza simubweza. Dzulo lomweli amatiseketsa. Amati, 'Amayi, mukawauze a Crowell asaiwale zimene ndinawapempha.' Ndinamufunsa kuti chiyani, anangoseka. Chinali chiyani?"

Enos anapinda chingwe chake.

"Zachibwana chabe, mayi."

Anabwerera kushedi. Anasankha matabwa a paini, anawacheka, anawapala, analumikiza bokosilo bwinobwino monga ankachitira nthawi zonse. Atamaliza anakhala pansi n'kuliyang'ana. Pakona panali patatsala matabwa ena anayi a muyeso womwewo, ndipo anadzipeza akuwayeza ndi maso, akuwerengera kuti kwa mtsikana wamtali angafunike kuwonjezera mainchi asanu. Atazindikira chimene mutu wake unkachita, anaimirira ngati walumidwa.

Anatenga hamala ndi kamgwala kake kozulira misomali.

Inali nthawi ya masana, atsikana atangobwerera kumene kuchokera kokadya. Palibe amene anamuletsa pamasitepe, poti kalipentala wonyamula zida ndi munthu wosaoneka. Anayambira pa zenera lachisanu ndi chimodzi. Misomali ya mainchi anayi ija inatuluka ikulira. Anakankha zeneralo m'mwamba mpaka linagunda, n'kupita pa lotsatira. Misomali yonseyo ankaidziwa, poti anaikhoma yekha, ndipo ankadziwa mbali imene uliwonse unapendekera.

Atatsegula asanu ndi atatu akumtsinje, anawolokera mbali inayo. Apo ndi pamene mphepo inapeza njira. Inadutsa m'chipindamo ngati ng'ombe yothawa m'khola. Fumbi la thonje linanyamuka pamitanda ndi pansi n'kutulukira kunja ngati utsi woyera, mpaka anthu mumsewu anaima poganiza kuti fakitale yapsa. Atsikana anasiya makina. Wina anatulutsa mutu pazenera, wina n'kumutsatira, posakhalitsa mazenera onse otseguka anadzaza mitu, pakamwa pali yasa ngati tiana ta mbalame. Makina osiyidwa aja anayamba kudula ulusi, kukola, kuima limodzilimodzi. M'chipinda chimene munthu sankamva mawu ake omwe munamveka kuseka.

"Crowell! Wapenga?" A Pettengill anamugwira phewa. "Siya zimenezo!"

"Ndatsala ndi makumi awiri ndi atatu, a Pettengill. Ndipatseni njira."

"Ukudziwa chimene ukuchita? Ukudziwa kuti nsalu zonsezi zaonongeka?"

"Bokosi la Bridie Dunphy lili m'shedi, latha. Mukalitenge nokha. La mwana wanga sindikhomera kampani ino."

Anawakankha ndi chigongono n'kupitiriza. Anafika pa zenera la makumi atatu ndi chimodzi pamene amuna anayi ochokera kosula zitsulo anamugwira n'kumutsitsa pamasitepe, mapazi ali m'malere. Bwana Thaxter anali ataima pabwalo. Ulendo uno sanamupatse mpando.

"Zaka makumi awiri, a Crowell. Mwazitaya ndi dzanja lanu. Lolemba nyumba ikhale yopanda munthu. Dzina lanu lipita ku mafakitale onse a mumtsinje uno, ndipo muthokoze kuti sindikukuperekani kwa woweruza."

Enos anayenda kupita kunyumba wopanda chipewa, manja akuchucha magazi pamene misomali inamukanda. Asanafike n'komwe pamlatho anamva kumbuyo kwake kugogoda kwa hamala pamazenera aja. Anaima n'kumvetsera. Anali Hosea Bickford, mnzake wa m'shedi, amene ana ake onse atatu anabadwira m'manja mwa Keziah. Enos anazindikira kamenyedwe kake: kawiri mofulumira, kamodzi mwamphamvu.

Madzulo ake si onse amene anamuyamika. Mayi wina wa mumzere wawo wa nyumba anaima pampanda n'kukuwa kuti, "Zikomo, a Crowell! Ana athu awadula malipiro a tsiku lonse chifukwa cha mphepo yanuyo. Tidya mphepoyo?" Koma m'mawa mwake anapeza pakhomo buledi awiri ndi shawelo yaubweya, popanda wonena kuti zachokera kwa yani.

Usiku wa Lachinayi lomwelo Keziah anamusambitsa manja ndi madzi ofunda, akumanga chala chilichonse ndi nsanza.

"Mwachedwa nazo," anatero.

"Ndikudziwa."

"Mwachedwa chaka chathunthu, ndipo pofika madzulo anali atakhomanso."

"Ndikudziwa, Keziah."

Anamanga chala chomaliza, koma dzanjalo sanalisiye.

"Tipita kwa achimwene anga kumapiri. Ali ndi khola lalikulu lofuna denga, ndipo kuli mkaka. Akakatinyoza tidzangomeza."

Kuchokera pabedi paja Almira anafunsa ndi mawu otsika, "Ababa, akuti munatsegula angati?"

"Makumi atatu."

"Langa munafikapo? Lachitatu kuchokera kuchitseko chakumpoto?"

"Ndinafikapo."

"Kunja kwake kumaoneka chiyani? Magalasi ake ndi akuda, sindinaonepo."

Enos anaganiza. Anali asanayang'ane.

"Mtsinje," anatero. "Ndi munda wa maapozi kutsidya."

Bridie anaikidwa m'manda Loweruka. Lolemba m'mawa a Crowell anakweza katundu wawo pa ngolo yobwereka: bedi, tebulo, chitofu, bokosi la zida. Almira anamugoneka pa matiresi pakati pa katunduyo, atamufunditsa shawelo ija. Lovina anakhala pambali pake atanyamula mbale zokulungidwa m'nsalu, atazikumbatira ngati khanda. Anadutsa masitolo, anadutsa tchalitchi, anawoloka mlatho, n'kuyamba kukwera chitunda.

Pamwamba pa chitundacho, pamene msewu umapapatiza pafupi ndi chitsime chomwetsera akavalo, anakumana ndi ngolo ina yaitali, yakuda, ikutsika. Inali ya munthu wa kampani amene ankazungulira m'mafamu a kumapiri kufuna antchito. M'menemo munali atsikana khumi ndi mmodzi, aliyense ndi kabokosi kake pamiyendo, masaya ali ngati maapozi. Ankaimba. Ngolo ziwirizo zinaima moyandikana kuti akavalo amwe.

"Moni, bambo!" anatero mtsikana wina wa madontho kumaso, wosaposa zaka khumi ndi zisanu. "Mukuchokera ku Tarbell Falls? N'zoona kuti kuli masitolo khumi ndi awiri?"

"N'zoona," anatero Enos. "Tamvera, mwana wanga. Bwerera kwa amayi ako. Nonsenu, bwererani. M'chipinda chowombera nsalu mazenera ndi okhoma. Ndinakhoma ndine. Atsikana anayi afa chilimwe chino, ndipo uyu mukumuona apayu analowa ali ngati inu."

"Musawamvere awo," anatero woyendetsa ngoloyo akukoka zingwe. "Anachotsedwa ntchito sabata latha, mutu unawazungulira. Funsani aliyense m'tauni."

Atsikana ena anaseka chobisa pakamwa. Koma wa madontho uja sanaseke. Anali akuyang'ana Almira.

"Kubwerera sindingathe," anatero mwakachetechete. "Munda wathu ndi miyala yokhayokha, ndipo kwathu tilipo asanu ndi atatu."

Almira anadzutsa mutu pa matiresi. Keziah anafuna kumugoneka, koma iye anakankha dzanja la mayi ake.

"Dzina lako ndani?"

"Thirza."

"Thirza, ukafika upemphe makina a pafupi ndi chitseko. Unene kuti umachita chizungulire, unene chilichonse. Anthu akamalowa ndi kutuluka, pamabwera kamphepo."

"Pafupi ndi chitseko," anabwereza mtsikanayo.

"Chakumpoto. Pali malo, ndangochokapo kumene."

Chikwapu chinalira, ngolo yakuda ija n'kuyamba kutsetsereka. Atsikana anayambanso nyimbo yawo. Thirza yekha anakhala chotembenuka, akuwayang'ana mpaka msewu unakhota.

Enos anangogwira zingwe, maso ali kumene ngolo ija inalowera. Keziah anakonza shawelo pakhosi pa Almira, amene anali atatseka maso, akupuma mofulumira ngati wathamanga.

"Tiyeni, bambo," anatero Keziah. "Mwanayu akuzizidwa."